Chifukwa chake akatswiri a kemisitiri sathamangira kukhulupirira zimene anzawo atulukira

Kafukufuku wa kemisitiri amabala zinthu zambiri moti palibe katswiri ngakhale mmodzi amene angawerenge zonse zimene zikutuluka m'gawo lake lokha. M'chaka cha 2015, kaundula wa CAS, yemwe amasungidwa ndi nthambi ya bungwe la American Chemical Society, anafika pa makemikolo 100 miliyoni olembedwa, ndipo chiwerengerochi chakhala chikukwerabe. Ngakhale zili choncho, akatswiriwa akamva kuti mnzawo watulukira chinthu chodabwitsa, kawirikawiri sayamba ndi kuwomba m'manja. Amayamba afunsa ngati pali labotale ina imene yatsatira njira yomweyo n'kupeza zofanana. Kwa munthu wakunja, khalidwe limeneli limaoneka ngati nsanje kapena kuuma mtima, koma lili ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo imafotokoza bwino mmene moyo wa ofufuza umayendera.

Ntchito yambiri ya m'labotale ya pa yunivesite sichitidwa ndi pulofesa amene dzina lake limamveka m'nyuzi. Imachitidwa ndi ophunzira a digiri ya PhD komanso ofufuza achinyamata amene angomaliza kumene digiriyo ndipo alembedwa ntchito ya zaka zochepa. Iwowa ndi amene amayeza makemikolo pa sikelo, kuwasakaniza m'mabotolo agalasi, kuwatenthetsa kapena kuwaziziritsa, ndi kulemba zonse m'buku la labotale tsiku ndi tsiku. Chinthu chatsopano chikapangidwa, amayenera kusonyeza kuti ndi chimene akunenacho, ndipo popeza molekyulu (kagulu ka maatomu olumikizana) sioneka ndi maso, umboni umachokera ku makina. Makina a NMR amajambula mizere yosonyeza mmene maatomu a haidrojeni ndi kaboni akhalira, makina ena amayeza kulemera kwa molekyulu, ndipo chinthucho chikalola kuuma n'kukhala kristalo, cheza cha X-ray chimasonyeza malo a atomu iliyonse. Pulofesa amaona zotsatirazi, amakambirana ndi gulu lake, kenaka amalemba nkhani n'kuitumiza ku magazini ya sayansi monga Journal of the American Chemical Society, yomwe inayamba kutuluka mu 1879, kapena Angewandte Chemie ya ku Germany.

Mkonzi wa magazini akaona kuti nkhaniyo ndi yoyenera kuiganizira, amaitumiza kwa akatswiri awiri kapena atatu a gawo lomwelo kuti aiunike. Nthawi zambiri anthuwa salipidwa ndipo maina awo sauzidwa kwa mlembi. Iwo amaona ngati mfundo zikutsatirana, ngati umboni ukukwanira, ndiponso ngati zimene zanenedwazo ndi zatsopanodi. Chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti ounikawa salowa m'labotale kukabwereza ntchitoyo. Amaweruza zimene zili papepala, ndipo amayamba ndi chikhulupiriro chakuti mlembi wanena zoona ndipo makemikolo ake anali oyera monga akunenera. Choncho nkhani ikasindikizidwa, tanthauzo lake n'lakuti akatswiri ochepa sanapezemo vuto looneka. Kuyesedwa kwenikweni kumayamba pambuyo pake, wophunzira wina kudziko lina akafuna kugwiritsa ntchito njirayo pa kafukufuku wake.

Apa ndi pamene zambiri zimavutira. Mu 2016, magazini ya Nature inafunsa ofufuza 1,576 a magawo osiyanasiyana a sayansi, ndipo oposa 70 pa 100 alionse ananena kuti analepherapo kubwereza zimene wofufuza wina anapeza. A kemisitiri anali m'gulu la amene analephera kwambiri, komabe anali m'gulunso la amene ankakhulupirira kwambiri zolembedwa za gawo lawo. Zinthu ziwirizi sizitsutsana. Katswiri wa kemisitiri amabwereza ntchito za ena pafupifupi mlungu uliwonse, chifukwa kuti apange chinthu chake chatsopano amayamba wapanga zimene ena anapanga kale, motero amakumana ndi zolephereka kawirikawiri kuposa ofufuza a magawo ena. Amadziwanso kuti kulephera kwambiri sikuchokera ku bodza. Kumachokera ku tinthu tating'onoting'ono timene mlembi sanaganize kuti n'tofunika kutilemba: liwiro limene anatakasira, chinyezi cha mumpweya tsiku limenelo, zaka zimene botolo la kemikolo linakhala litatsegulidwa, kapena kampani imene inapanga kemikoloyo.

Mdani wamkulu wa katswiri wa kemisitiri ndi chonyansa chimene chalowa m'botolo iye osadziwa, ndipo mbiri ya madzi otchedwa polywater imasonyeza zimenezi momveka bwino. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, Nikolai Fedyakin wa ku Soviet Union anaona kuti madzi amene apangika kuchokera ku nthunzi m'timachubu topyapyala kwambiri tagalasi ankachita zachilendo. Boris Derjaguin, katswiri wotchuka wa ku Moscow, anapitiriza ntchitoyo ndipo ananena kuti madziwo anali olemera, onanda, owira pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 150 ndiponso osauma msanga akazizira. Pofika mu 1969 nkhaniyi inali itafala ku America ndi ku Britain, nkhani zambirimbiri zinasindikizidwa, ndipo ena anafika poopa kuti madzi amenewa akatayikira m'nyanja akhoza kusandutsa madzi onse a padziko kukhala otero. Vuto linali lakuti madziwo ankapezeka ochepa kwambiri, osakwana ngakhale kadontho, kotero kunali kovuta kuwayeza bwino. Denis Rousseau wa ku Bell Labs anayeza thukuta lake ndi makina a cheza cha infrared n'kupeza mizere yofanana kwambiri ndi ya madzi odabwitsawo. Mu 1973 Derjaguin anavomereza kuti anali madzi wamba osakanikirana ndi zonyansa. Palibe amene ananama pa nkhaniyi, ndipo ofufuzawo anali anthu odziwa ntchito yawo.

Vuto lomweli likadalipo masiku ano, makamaka pa kafukufuku wa makatalisiti, zinthu zimene zimafulumizitsa kusintha kwa makemikolo koma izo osatha. Njira ina yofunika kwambiri popanga mankhwala a m'zipatala ndi yolumikiza maatomu a kaboni mothandizidwa ndi chitsulo cha palladium, ndipo Richard Heck, Ei-ichi Negishi ndi Akira Suzuki analandira mphoto ya Nobel mu 2010 chifukwa cha njira zoterezi. Palladium ndi yodula, ndipo makampani amayenera kuichotsa m'mankhwala asanawagulitse, choncho aliyense amene angapeze njira yolumikizira maatomuwo popanda chitsulochi angakhale atathandiza kwambiri. Mu 2003, gulu la Nicholas Leadbeater ku King's College London linalengeza kuti imodzi mwa njirazi, yotchedwa njira ya Suzuki, yatheka popanda kuthiramo chitsulo chilichonse. Patapita nthawi yochepa gulu lomwelo linafufuzanso mozama n'kupeza kuti sodium carbonate amene ankagwiritsa ntchito anali ndi palladium wochepetsetsa, pafupifupi magawo 50 pa magawo 1 biliyoni, kutanthauza mamiligalamu 50 pa tani yathunthu. Kachulukidwe kameneko kanali kokwanira kuyendetsa ntchito yonse. Mu 2009, Stephen Buchwald ndi Carsten Bolm anasonyezanso kuti ntchito ina imene anthu ankati ikuchitidwa ndi ayironi inkachitidwa ndi kopa wochepa amene anali m'botolo la ayironiyo.

Chitsanzo chimene chimadetsa nkhawa aliyense wogwira ntchito m'labotale ndi cha kachipangizo kotakasira. Ndi kamaginito kakang'ono kokutidwa ndi pulasitiki yoyera ya Teflon, kamene kamaponyedwa m'botolo n'kumazungulira pansi kuti zinthu zisakanikirane. Kamatsukidwa n'kugwiritsidwanso ntchito kwa miyezi kapena zaka. Mu 2019, gulu la Valentine Ananikov ku Moscow linayang'ana timaginito takale pa maikulosikopu ya ma elekitironi ndipo linapeza kuti pulasitikiyo imachita timing'alu, momwe mumabisala tizidutswa ta palladium, golide ndi zitsulo zina zimene kutsuka wamba sikuchotsa. Wophunzira akhoza kuyesa kemikolo yatsopano, kuona ntchito ikutheka, n'kusangalala kuti watulukira katalisiti, pamene chimene chagwira ntchito ndi chitsulo chotsalira cha mnzake amene anagwiritsa ntchito kamaginitoko mwezi wathawo. N'chifukwa chake m'malabotale osamala, munthu akanena kuti ntchito yake yatheka popanda chitsulo, amauzidwa kuti aibwereze ndi galasi latsopano, kamaginito katsopano ndi makemikolo ochokera ku kampani ina, ndiponso kuti aiyese osathiramo katalisiti wakeyo n'komwe.

Kulakwitsa kwa mtundu umenewu kumakhululukika ngati wofufuza watsata njira zoyenera. Chimene akatswiri sakhululuka msanga ndi kulumpha anzako n'kuthamangira kwa atolankhani. Pa 23 Malichi 1989, Martin Fleischmann ndi Stanley Pons anachititsa msonkhano wa atolankhani ku University of Utah n'kulengeza kuti aphatikiza phata la maatomu m'botolo la patebulo, pogwiritsa ntchito palladium, magetsi ndi madzi olemera (madzi okhala ndi haidrojeni wolemera kuposa wamba), ndipo kuti botololo likutulutsa kutentha kochuluka kuposa mphamvu imene akulowetsamo. Zikanakhala zoona, dziko likanapeza gwero la mphamvu lotsika mtengo ndiponso losatha. Fleischmann anali katswiri wolemekezeka kwambiri, motero malabotale ambiri anasiya zimene ankachita n'kuyamba kuyesa, ena akudalira zithunzi za pa wailesi yakanema chifukwa tsatanetsatane wa njirayo sanaperekedwe mokwanira. Magulu akuluakulu, kuphatikizapo la Nathan Lewis ku yunivesite ya Caltech, sanapeze kanthu, ndipo mu Novembala chaka chomwecho komiti ya unduna wa zamphamvu ku America inanena kuti umboni wake sunali wokhutiritsa. Mpaka lero nkhani imeneyi imatchulidwa pophunzitsa ofufuza achinyamata kuipa kolengeza chinthu anzako asanachiunike.

Chinyengo chenicheni chiliponso, ngakhale sichichuluka ngati kulakwitsa. Mu 1999, Lawrence Berkeley National Laboratory ya ku America inalengeza kuti yapanga elementi (mtundu wa atomu) yatsopano ya nambala 118 powombetsa krypton pa mtovu. Malabotale a ku Germany, France ndi Japan analephera kupeza zomwezo, ndipo a ku Berkeley atabwerera ku zolembedwa zoyambirira za makina awo anapeza kuti zizindikiro zimene zinalengezedwazo munalibemo. Anabweza zonena zawo mu 2001, ndipo kafukufuku wa bungwelo anapeza kuti Victor Ninov, yemwe ankasanthula zotsatira pa kompyuta, anazipeka. Elementiyo inadzapangidwadi pambuyo pake ndi ofufuza a ku Dubna ku Russia mogwirizana ndi a ku Livermore ku America, ndipo bungwe la IUPAC, lomwe limavomereza maelementi atsopano ndi maina awo, linaivomereza mu Disembala 2015 n'kuipatsa dzina lakuti oganesson mu 2016. Mlandu wina wodziwika unachitika ku Columbia University, komwe wophunzira wa PhD, Bengü Sezen, anapezeka kuti ankapeka zithunzi za NMR, ndipo nkhani zingapo za m'magazini zinachotsedwa. Chopweteka pa mlanduwo n'chakuti ophunzira ena amene ankalephera kubwereza zotsatira zake ndi amene anayamba kuoneka ngati osadziwa ntchito, ndipo ena anachoka m'gululo zoona zisanadziwike. Zimenezi zikusonyeza mphamvu imene mkulu wa labotale ali nayo pa tsogolo la wophunzira, komanso ngozi imene imakhalapo mkuluyo akakonda kwambiri zotsatira zokoma, kuiwala kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Kukayikira kulinso ndi mbali yake yoipa, ndipo sikungakhale chilungamo kuibisa. Pa 8 Epulo 1982, Dan Shechtman wa ku Technion ku Israel, yemwe pa nthawiyo ankagwira ntchito ku National Bureau of Standards ku America, anayang'ana chitsulo chosakaniza aluminiyamu ndi manganese pa maikulosikopu ya ma elekitironi. Anaona timadontho towala titandandalika m'mizere yozungulira, timadontho 10 pa mzere uliwonse, chinthu chimene mabuku onse a nthawiyo ankati n'chosatheka mu kristalo. Anzake anamuseka, mkulu wa gulu lake anamupempha kuti achoke, ndipo magazini yoyamba imene anatumizako nkhani yake inaikana. Nkhaniyo inadzatuluka mu 1984 m'magazini ya Physical Review Letters. Linus Pauling, mmodzi wa akatswiri a kemisitiri otchuka kwambiri a zaka za m'ma 1900, anaitsutsa mpaka imfa yake mu 1994. Chimene chinasiyanitsa Shechtman ndi Fleischmann ndi Pons sichinali kulimba mtima, chifukwa onse anali olimba mtima. Chinali chakuti aliyense wokhala ndi maikulosikopu yoyenera ankatha kupanga chitsulocho n'kuona timadontho tomwetija, ndipo malabotale ambiri anaterodi. Mu 1992 bungwe la International Union of Crystallography linasintha tanthauzo la kristalo, ndipo mu 2011 Shechtman analandira yekha mphoto ya Nobel ya kemisitiri.

Ngati kubwereza ntchito za ena ndi kofunika chotere, munthu angayembekezere kuti ochita zimenezi amalemekezedwa kwambiri, koma si mmene zilili. Wofufuza amalembedwa ntchito, kukwezedwa ndi kupatsidwa ndalama za kafukufuku malinga ndi nkhani zatsopano zimene wasindikiza, magazini amene zatulukamo, ndi kuchuluka kwa anthu amene azitchula m'zolemba zawo. Pali manambala oyezera zimenezi, monga impact factor ya magazini ndi h-index imene Jorge Hirsch anaiyambitsa mu 2005, ndipo makomiti otanganidwa amakonda kuyang'ana manambalawa m'malo mowerenga ntchito yeniyeniyo. Wophunzira amene watha miyezi akuyesa njira ya munthu wina n'kupeza kuti sigwira ntchito nthawi zambiri sakhala ndi choti asindikize, chifukwa magazini ambiri safuna nkhani yonena kuti chinthu chakanika. Amangoisiya njirayo n'kuuza anzake a pafupi, ndipo wophunzira wa labotale ina amadzatayanso nthawi yake pa dzenje lomwelo. Chikalata cha DORA, chimene chinakonzedwa ku San Francisco mu 2012, chimapempha mayunivesite ndi opereka ndalama kuti aleke kuyeza wofufuza ndi nambala ya magazini. Mabungwe ambiri anachisayinira, koma chizolowezi chakalecho sichinathe.

Kumene manambala amenewa asanduka chinthu chachikulu, pamabuka malonda a nkhani zopeka. Kumapeto kwa 2009, akonzi a magazini ya Acta Crystallographica Section E analengeza kuti apeza makristalo osachepera 70 onama ochokera kwa ofufuza a ku Jinggangshan University ku China, amene ankatenga zotsatira zenizeni za kristalo imodzi, kusintha dzina la atomu imodzi kapena ziwiri, n'kuzitumiza ngati chinthu chatsopano. Mu 2023, nkhani za sayansi zoposa 10,000 zinachotsedwa m'magazini padziko lonse, zambiri mwa izo zochokera m'magazini a kampani ya Hindawi.

Pali magazini imodzi ya kemisitiri imene inasankha njira yosiyana kuyambira pachiyambi. Organic Syntheses, yomwe inayamba mu 1921, sisindikiza njira iliyonse yopangira kemikolo isanabwerezedwe m'labotale ya mmodzi wa akonzi ake. Olemba amadziwa zimenezi asanatumize, choncho amalemba mosamala kwambiri, kutchula ngakhale kukula kwa botolo ndi kampani imene anagulako kemikolo iliyonse. Ngakhale ndi chisamaliro chonsecho, Robert Bergman ndi Rick Danheiser analemba mu 2016 kuti pakati pa 2010 ndi 2016, pafupifupi 7.5 peresenti ya njira zimene zinatumizidwa zinakanidwa chifukwa sizinathe kubwerezedwa mokhutiritsa. Ngati zili choncho kwa anthu amene akudziwa kuti ayesedwa, n'zosavuta kuganiza mmene zilili m'magazini amene sayesa kanthu. Njira ya Organic Syntheses imadya nthawi ndi ndalama zambiri moti singatheke pa nkhani zonse, koma zimene imasindikiza akatswiri amazidalira kuposa zina zilizonse.

Kuchotsa nkhani yako m'magazini kunkaonedwa ngati manyazi aakulu, ndipo kwa ambiri kukadali choncho, makamaka kwa wofufuza wachinyamata amene sanakhazikike pa ntchito. Mu Januwale 2020, Frances Arnold wa ku Caltech, amene analandira mphoto ya Nobel ya kemisitiri mu 2018, analengeza yekha pa Twitter kuti gulu lake lachotsa nkhani imene linasindikiza m'magazini ya Science chaka chapitacho, chifukwa zotsatira zake sizinkabwerezeka ndipo zolemba zina zofunika zinkasowa m'buku la labotale. Anavomereza kuti sanaiyang'anitsitse ntchitoyo mmene anayenera kuchitira. Ambiri anamuyamikira, ndipo kuyamikirako kunali koyenera, komabe tiyenera kunena kuti munthu amene ali kale ndi mphoto ya Nobel sataya zambiri povomereza cholakwa. Muyeso weniweni wa kusintha udzakhala tsiku limene wofufuza wosadziwika adzachite zomwezo popanda kuopa kuti ntchito imuthera.

Chimene chasinthadi m'zaka zaposachedwa ndi liwiro limene cholakwa chimaonekera. Mu 2017 panakhazikitsidwa ChemRxiv, malo a pa intaneti pomwe akatswiri a kemisitiri amaika nkhani zawo zisanaunikidwe ndi magazini. Akemisitiri anachedwa kulandira mchitidwewu poyerekeza ndi anzawo a fizikisi, omwe akhala ndi arXiv kuyambira 1991, mwa zina chifukwa choopa kuberedwa nzeru ndiponso chifukwa magazini ena akuluakulu ankakana nkhani imene yaonekera kale poyera. Ubwino wake unaoneka mu 2021, pamene magazini ya Nature Catalysis inasindikiza nkhani yonena kuti kemikolo ina ya mtundu wa amine ikhoza kuyendetsa njira ya Suzuki popanda palladium. Amene ankakumbukira za 2003 anakayikira nthawi yomweyo. Magulu angapo, aliyense payekha, anapanga amine ija n'kuiyeretsa bwinobwino, ndipo anapeza kuti ikayera imasiya kugwira ntchito. Chimene chinkagwira ntchito chinali palladium yemwe anagwiritsidwa ntchito popanga amine yomweyo, n'kutsalira m'menemo mosaoneka. Maguluwo anaika zimene anapeza pa ChemRxiv patangopita miyezi yochepa, ndipo chaka chisanathe olemba nkhani yoyambayo anaichotsa m'magazini.